Bokosi la timabuku ta nkhani za Chingerezi: nyenyezi zinayi, yachisanu yatsalira pa gawo loyamba

Ndimaphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu madzulo akaweruka kuntchito. Ambiri ndi makolo, ena ali ndi zidzukulu kale. Bokosili ndakhala nalo miyezi isanu ndi iwiri tsopano, ndiye ndikhoza kunenapo zimene ndaona.

Mkati mwake muli timabuku 24 ta nkhani zifupizifupi, buku la mphunzitsi, ndi nambala yotsegulira mawu ojambulidwa pa intaneti. Timabukuto anatisanja potsatira mlingo wa CEFR, woyezera pamene munthu wafika pophunzira chiyankhulo, umene bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001. Mlingowo uli ndi masitepe asanu ndi limodzi, kuyambira A1 kukafika C2, koma bokosili limalekezera pa B1, sitepe yachitatu. Ine sizinandikhudze, popeza m'kalasi mwanga mulibe amene wafika kupitirira pamenepo.

Chimene ndimalikondera kwambiri ndi kasankhidwe ka mawu. Kale ndinkadula nkhani za m'nyuzipepala n'kumawapatsa ophunzira. Ndime imodzi yokha inkatidyera theka la ola, aliyense ataweramira dikishonale, ndipo pofika kumapeto panalibe wokumbukira mmene nkhani inayambira. Ndinkaganiza kuti vuto ndi ulesi, chonsecho vuto linali ine. Kafukufuku wa Hu ndi Nation wa mu 2000 anasonyeza kuti munthu amamva bwino nkhani payekha ngati akudziwa mawu pafupifupi 98 mwa 100 aliwonse, kutanthauza liwu lachilendo limodzi lokha pa mawu 50. Nyuzipepala siingakupatseni zimenezo kwa munthu wongoyamba. Timabuku iti timayesetsa. Liwu latsopano likalowa pa tsamba lachitatu, mulipezanso pa lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu, mpaka lizolowereke lokha popanda kuloweza. Nzeru yake si yachilendo ayi. Michael West anatulutsa kale mu 1953 mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amabwerabwera kwambiri m'Chingerezi, ndipo olemba timabuku totere akuyendabe m'njira yomweyo.

Tsiku limene ndinatsimikiza kuti ndalama yanga sinapite pachabe ndi limene ndinagawa ta A2. Pali bambo wina, dalaivala, wa zaka za m'ma 50, amene amawerenga chala chili pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Anatenga kankhani ka mlonda wausiku amene anatola chikwama cha ndalama pakhomo pa ofesi. Nthawi itatha ndinati titseke mabuku. Iwo osadzutsa n'komwe mutu, anangokweza dzanja: "Aphunzitsi, tandidikirani pang'ono, ndione ngati abweze chikwamachi." Sabata yotsatira anabwera ndi mkangano, akuti mlondayo anapusa. Kalasi yonse inagawikana, ndipo anakangana m'Chingerezi chothyokathyoka kwa mphindi makumi awiri, uyu akuti "he" ponena mkazi wa mlonda, winayo akumukonza. Ine ndinangokhala pambali n'kumalemba zolakwika zoti tidzakonze tsiku lina.

Tsono nyenyezi imodzi ndaichotseranji? Timabuku ta A1. Amene anatilemba akuoneka kuti ankaganiza kuti wosadziwa Chingerezi ndiye kuti ndi mwana. Nkhani zake ndi za kagalu kosochera, kamtsikana kofuna baluni yofiira, zithunzi zikuluzikulu zowala ngati za ku sukulu ya mkaka. Mayi wina atalandira kake anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa, "Aphunzitsi, aka ndikamupatse mdzukulu wanga?" Tonse tinaseka, koma ndinaona kuti potuluka anakabisa pansi penipeni m'chikwama. Munthu amene walera ana, amene amayendetsa bizinesi yake, wadzichepetsa kale pobwera kudzakhala pa desiki. Mawu 300 omwewo a m'timabuku ta A1 akanatha kulembera nkhani ya munthu wofunsira ntchito kapena wokangana ndi mwini nyumba. Ndipo A1 ndi pamene anthu ambiri amagwera ulesi n'kusiya, ndiye m'pamene pankafunika nkhani zokoma koposa. Panopa oyamba kumene ndimawalembera ndekha tinkhani ta tsamba limodzi mpaka atakwanitsa kulowa A2.

Chinanso pa gawo lomwelo, matanthauzo a mawu kumapeto kwa kabuku anawalemba m'Chingerezi chovuta kuposa liwu limene akulimasulira.

Mawu ojambulidwa ndi omveka bwino, owerenga sathamanga. Kungoti kabuku konse anakaika m'chidutswa chimodzi, osagawa mitu, ndiye ukafuna mutu wachinayi uzisakasaka ndi chala pa foni kalasi ikukuyang'ana. Samalolanso kusunga mu foni, intaneti ikadula basi zathera pomwepo.

Buku la mphunzitsi lili ndi mbali yabwino ndi ina yosafunika. Mafunso ofunsa musanawerenge amatsegula pakamwa ngakhale anthu amanyazi. Koma mafunso khumi a kumapeto kwa mutu uliwonse ndinawasiya sabata yachiwiri, chifukwa ankasandutsa kuwerenga kukhala mayeso, anthu n'kuyamba kusaka mayankho m'malo motsata nkhani. Tebulo la aneni osatsata lamulo, monga go ndi went, ndinalikopera pa pepala lalikulu n'kulimata pakhoma.

Mapepala ndi olimba ndithu, ngakhale zikuto za timabuku totchuka zayamba kufutukuka m'makona. Ngati ophunzira anu adutsa poyambira penipeni, gulani mosakayika. Ngati onse ndi oyamba kumene, konzekerani kuti kotala la bokosili lizingokhala pa shelefu. Ka mlonda kaja ndaitanitsa kena, chifukwa koyambako kakungoyenda m'manja mwa anthu ndipo sikanabwererebe m'bokosi.