Opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo munthu ali maso: dotolo ndi katswiri koma ofesi ya mabilu ayi ndithu

Anthu angapo akhala akundifunsa za chipatala chomwe ndinaperekezako achimwene anga ku India ndiye ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Dzina lake sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo za milandu ine ayi, kungoti ndi chapulaiveti, chachikulu ndithu, cha mtundu uja ma ejenti opezera odwala zipatala zakunja amakutumizirani zithunzi zake pa WhatsApp. Za mu thiyeta ndilibe nazo dandaulo olo limodzi. Zozungulira zakezo ndiye mutu.

Achimwenewo ndi aphunzitsi, anangogwa khunyu tsiku lina chonsecho chibadwire sanadwalepo matenda amenewo, MRI ndi imene inaonetsa kuti kumanzere kwa ubongo kuli chotupa chotchedwa glioma, cha giredi 2, pafupi ndi malo oyendetsa kayankhulidwe. Ambirife tikamva chotupa timaganiza kanthu kozungulira koti dotolo angotsegula nkuchotsa, koma glioma siili choncho, imayanga mkati mwa ubongo weniweniwo ngati mizu ya kapinga mmunda, moti pomwe chotupa chathera ndi pomwe ubongo wabwino wayambira ndi maso sungasiyanitse. Ukadula pang'ono chimatsala chambiri, ukapitirira munthu amadzuka osayankhula kapena mbali imodzi itafa.

Tsiku loyamba dotoloyo anakhala nafe nthawi yaitali ndithu, osati zija zongoyang'ana faelo nkukulemberani tsiku. Anatenga pepala nkujambula, nkunena mosapsatira kuti opaleshoniyi sichiza matendawa, imangogula zaka komanso kuchepetsa khunyu, ndipo kuti akufuna achimwene adzakhale ali maso pomwe iye akudula. Ine thupi linachita tsembwe. Anati njira imeneyi amatsatira ya dotolo wa ku France dzina lake Hugues Duffau, ndiye usiku womwewo ndinakhalira pa foni kufufuza ngati munthuyo alikodi kapena akungotinamiza ndi maina achizungu.

Alikodi, ndipo mbiri yake ndi imene inandikhazika mtima pansi kuposa zithunzi za ejenti zija. Duffau anayambira ntchito ku Paris pa chipatala cha Pitié-Salpêtrière kenako anasamukira ku Montpellier, ndipo moyo wake wonse wa ntchito wathera pa zotupa za mtundu womwewu. Kale madotolo ambiri akapeza glioma ya giredi 2 amangoti tiyeni tiziyang'anira, poti munthu akuyenda bwinobwino nanga kumutsegula mutu chifukwa chani. Gulu lomwe Duffau anali nalo ku Paris linaonetsa mu 2003 kuti zotupazi sizigona ayi, zimakula pafupifupi mamilimita 4 pa chaka ngakhale mwini wake asakumva kanthu, ndipo mapeto ake zimasanduka khansa yolusa. Mu 2012 ku Norway anayerekeza zipatala ziwiri, china chimathamangira kuchotsa china chimadikira, ndipo odwala a kochotsa msanga kuja ndi amene anakhala moyo nthawi yaitali. Koma chomwe Duffau amalimbikira kwambiri nchakuti malire a podula asachokere pa chithunzi cha MRI, achokere kwa wodwalayo, dotolo azidula mpaka pomwe ubongo wanena wokha kuti apa pali ntchito. Amanenanso kuti poti chotupachi chimakula pang'onopang'ono ubongo umakhala ukusamutsa ntchito zina kupita pena, ndiye malo omwe mabuku amati nkosakhudzika kwa munthu wina amapezeka kuti angathe kuchotsedwa, ndipo pena amasiya dala kachidutswa nkudzabwereranso patapita zaka ubongo utasamutsa. Zodzutsa wodwalazi sanayambitse ndi iye, Wilder Penfield ankachita kale ku Montreal pa odwala khunyu mzaka za mma 1930, Duffau anangozitengera patali pa zotupa. Ndinapezanso kafukufuku wa 2012 amene anaphatikiza odwala oposa 8,000, oti mwa omwe anawapanga opaleshoni akuyeza ubongo ndi magetsi kuti adziwe pomwe pali ntchito, omwe anatsala ndi chilema chachikulu anali 3.4 pa 100 alionse, pomwe kopanda kuyeza anali 8.2. Manambala amenewo ndi omwe ndinawerengera alamu anga pa foni kuti avomere.

Tsopano pomwe chipatalachi chinandigometsa ndi apa. Mayi wina woona za kayankhulidwe anabwera ndi zithunzi zambirimbiri pa tabuleti kuti achimwene azitchula maina, zomwe alephera kapena kukayikira amazichotsa kuti mu thiyeta mudzalowe zokhazo zomwe amazidziwa bwino, ndipo zina zinali zinthu zoti kwathu kulibe ndiye zinachoka zambiri ndithu. Ali mkati moonetsa zithunzizo anafunsa kuti kodi kunyumba amayankhula chani. Titati Chichewa, Chingerezi ndi cha kuntchito, anaima kaye nkukaitana dotolo. Kani zinadziwika kale, kuyambira pa zomwe George Ojemann wa ku Seattle analemba mu 1978, kuti munthu wa ziyankhulo ziwiri malo ena mu ubongo amagwira zonse koma ena amagwira chimodzi chokha, ndiye mukayeza Chingerezi chokha mutha kumusungira Chingerezicho nkumuonongera chomwe amayankhula ndi ana ake. Womasulira Chichewa anamusaka osamupeza, ndi mmene ineyo ndinapezekera ndavala zobiriwira zija ndi chipewa ndili mu thiyeta.

Musaope, bala sindinalione, amatchinga ndi nsalu ndipo ine ndinakhala mbali ya kunkhope. Potsegula chigaza amakhala atamugoneka, pakhungu abaya mankhwala a dzanzi, kenako amamudzutsa, ndipo ubongo pawokha sumva kuwawa ndiye achimwene chomwe amadandaula ndi ludzu ndi phewa lomwe anagonera basi. Dotolo amakhudza ubongo ndi kachitsulo ka nsonga ziwiri kodutsa magetsi ochepa kwambiri, masekondi ngati 4, nthawi yomweyo chithunzi chikuoneka, ndipo pomwe munthu wakakamira kapena walakwitsa amaikapo kapepala ka nambala. Ntchito yanga inali kungonena kuti zolondola kapena zolakwika. Zinayenda bwino kwa nthawi ndithu mpaka dotolo atalowa mkati mwa ubongo, pomwe panabwera chithunzi cha galu achimwene nkunena molimba mtima kuti iyi ndi mbuzi. Ndinati zolakwika, mawu akunjenjemera. Dotolo sanatekeseke, anapita pena, nkubwereranso pompaja, zomwezo, kubwereranso kachitatu, zomwezonso, ndiye anati apa ndiye pothera. Anasiya kachidutswa ka chotupa pamenepo dala. Mayi wa zithunzi uja akanakhala yekha sakanadziwa kuti mbuzi si galu, kwa iye zonse zimangomveka mawu achilendo otuluka bwinobwino.

Masiku oyamba atatuluka mawu amasowa, amafuna kunena kapu nkumangoloza, ndipo zikanakhala kuti sanatichenjeze ndikanalira mokuwa mu wodimo. Koma anali atanena kale kuti ubongo umatupa ndipo zimabwerera pakapita masabata, zinabwereradi. Manesi a ku ICU anali achangu, a ku wodi wamba ndiye zimatengera shifiti, usiku belu umaliza mpaka kutopa. Mankhwala a dexamethasone ochepetsa kutupa aja amapatsa njala yoopsa komanso kusowetsa tulo, a khunyu a levetiracetam amapangitsa munthu kupsa mtima msanga, izi anatiuza ndi wa ku famase osati ku wodi, gadiyani muzidziwiretu musamadzaone ngati m'bale wanu wasintha khalidwe.

Ndiye tibwere ku ofesi ya mabilu. Pepala la mtengo lomwe anatitumizira tili kumudzi, lomwe tinapita nalo ku banki kukapempha ndalama zakunja movutikira muja mukudziwa, linalembedwa ngati zonse zili momwemo. Tsiku lotuluka bilu inabwera yonenepa, makina oyezera ubongo mu thiyeta padera, mayi wa kayankhulidwe padera, usiku woonjezera ku ICU padera, kuyeza chotupa ku labu padera. Chonsecho kuyeza kumeneko sikoti nkosankha, kuyambira 2016 bungwe la WHO limagawa zotupazi potengera zizindikiro za mu majini a chotupacho ngati IDH ndi 1p/19q, popanda zimenezo dotolo sangadziwe ngati ndi glioma ya mtundu wa astrocytoma kapena wa oligodendroglioma ndipo chithandizo chotsatira chimadalira pamenepo, ndiye kuchisiya kunja kwa mtengo ndi kuchenjera chabe. Ejenti yemwe amayankha foni ngakhale pakati pa usiku tisanalipire, pa nkhani iyi anangoti zii. Tinakangana mpaka anachotsako zina koma zambiri tinalipira, abale kumudzi anachita kusonkhanso kachiwiri.

Lipoti la ku labu nalo linachedwa, tinakwera ndege tilibe, ndipo nambala yomwe anatipatsa kuti tizifunsirapo imayankhidwa ndi munthu wa ku ofesi amene chilichonse amangoti ndiwauza adokotala. Dotolo mwini wake ukamupeza pa imelo amayankha bwino komanso mwaulemu, vuto ndi kumupezako. Anatiuzanso za mankhwala atsopano a vorasidenib omwe ku America anawavomereza mu 2024 pa zotupa za IDH za giredi 2, koma atatchula mtengo tonse tinangoseka.

Zakudya za mchipatala tsabola ngakhale wanena kuti asaike, ife tinapeza nyumba ya alendo yokhala ndi kitchini pafupi, ufa tinanyamula wathu.

Kodi ndingamuuze wina kuti apite? Ngati chotupa ndi glioma yomwe ili pafupi ndi malo a mawu kapena oyendetsa dzanja ndi mwendo, eya, koma mufunse kaye ngati amapanga awake craniotomy (opaleshoni ya munthu ali maso ija) kawirikawiri komanso kuti adzayeza mu chiyankhulo chanji ndipo adzamvetsera ndani. Ngati ndi meningioma, chomwe chimamera pa chikuto cha ubongo ndipo nthawi zambiri si khansa, zodzutsanazi mwina sizifunika nkomwe, yambani mwaonana ndi madotolo a opaleshoni ya ubongo kwathu konkuno, ku Queens ku Blantyre alipo. Ngati akuti glioblastoma, yomwe ndi khansa yolusa ya mu ubongo, khalani pansi ngati banja musanagulitse nyumba, chifukwa ngakhale pa kafukufuku wotchuka wa Roger Stupp wa 2005, ndi opaleshoni, radiotherapy ndi mankhwala a khansa a temozolomide zonse pamodzi, theka la odwala silinapitirire miyezi 14.6, ndipo ejenti sangakuuzeni zimenezo.

Mukaganiza zopita, auzeni alembe pa pepala la mtengo chilichonse chomwe sichili mkati, asaine, ndipo musachoke opanda ma CD a MRI ya pambuyo pa opaleshoni ndi imelo ya dotolo weniweniyo. Achimwene anabwerera mkalasi, akumwabe mankhwala a khunyu, ndipo kachidutswa kaja tikukayang'anira ndi MRI miyezi 6 iliyonse.