Mayi ogulitsa chambo ku Senga Bay amene ndinawapeza pa Facebook

Abale ndati ndiwayamikire poyera mayi awa chifukwa anandichotsa manyazi pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Dzina ndi nambala sindiika pano poti sindinawapemphe, koma amagulitsa chambo ndi usipa wofutsa ku Senga Bay ndipo amatumiza mpaka kuno ku Kamuzu Road ku Salima.

Ineyo sindinkawadziwa olo pang'ono. Zithunzi za nsomba zawo zinangotulukira pa foni yanga, nditadina dzina lawo ndinapeza tili ndi ma mutual friends anayi, mmodzi ndi msuweni wanga wa ku Lifuwu, wina tinkaimba naye kwaya kalekale, awiri enawo kunena zoona ndinangowalandira sindikuwakumbuka nkomwe. Apa ndi pomwe anthu timapusitsidwa, timaona ngati poti tili ndi anzathu ofanana ndiye kuti munthuyo ndi wokhulupirika, chonsecho mu 2016 a Facebook eni ake ananena kuti pa anthu 1.59 biliyoni omwe analipo nthawi imeneyo, pakati pa iwe ndi munthu wina aliyense pamangodutsa anthu 3.57 tikatengera pakatikati. Ndiye kuti ngakhale wakuba amene sunamuonepo naye ali pafupi nawe chomwecho.

Choncho ndinachita zomwe agogo ankachita mlendo akafika pakhomo, kufunsa kuti ndinu a kwa yani. Ndinamuimbira msuweni uja. Akuti "aaa achemwali musaope, amenewo ndi alamu ake a mnzanga uja timalima naye mpunga, pakhomo pawo ndimapadziwa." Mtima unakhala pansi pompo, ndinatumiza theka la ndalama pa Airtel Money, yotsalayo tinagwirizana kuti ndipereka katundu akafika.

Nsombazo eee, musachite kufunsa. Chambo chake chinali chachikulu ngati cha pa chithunzi chija, maso owala, mnofu wolimba ukadina ndi chala, osati zija umatsegula jumbo fungo nkukulandira. Anaika mu chidebe ndi ayisi wokwanira, pamwamba nkuikapo basera ya tiwiri. Usipa unali wouma bwino, wosawawa, koma mchenga unalimo ndithu, tinachita kuupeta ndi kuutsuka kawiri, pamenepo mayi akonze.

China chomwe chinandipweteka mtima ndi nthawi. Tinapangana 7 koloko m'mawa, wakabaza anafika itadutsa 10, mtunda wosakwana nkomwe ola limodzi pa njinga yamoto, ndipo foni ya mayiwo inali yozima nthawi yonseyo ine uku azakhali akundifunsa kuti mwana iwe ndiwo zili kuti. Ndinamuimbiranso msuweni uja, iye nkuimbira mnzake, mnzakeyo nkutuma mwana kukawaona, uthenga nkubwerera njira yomweyo kuti mwera unavuta usiku, asodzi anachedwa kutuluka pa nyanja ndipo foni inathera moto ku doko. Mwera timaudziwa tonse a kunyanja kuno, sindiwaimba mlandu, koma akanabwereka foni kwa mnzawo nkundiuza.

Madzulo anandiimbira okha kupepesa, "pepani achemwali, ndakuyendetsani mtima," mpaka anafunsa ngati alendo akuchimuna anadya bwino.

Ndikuwapatsa 4 pa 5. Ukwati wa mng'ono wangayo uli mwezi wamawa ndipo ndaodanso kwa iwo omwewo, koma ulendo uno ndawauza kuti nsomba zifike dzulo lake.