Buleki ithere kunja kwa kona kapena tilowe nayo m'kati?

Pa siteji yathu ya kabaza wa njinga zamoto pa Dyeratu pali mkangano umene ukukana kutha. Unayamba tsiku limene mnyamata wina anationetsa pafoni kanema wa mpikisano wa timagalimoto tating'ono tija ta go-kart, tomwe katswiri wa mpikisano wa magalimoto Lewis Hamilton anayambira kupikisana nato mu 1993 ali ndi zaka 8. Iye ankaloza ndi chala n'kumati, "Taonani achimwene, awa sasiya buleki akafika pakona, amalowa nayo mpaka m'kati. Inu mumakhota ngati mwanyamula mazira." Ine msewu wa M1 wotsika phiri kuchokera ku Blantyre kudzafika pa Thabwa ndauyenda kambirimbiri, ndi munthu kumbuyo komanso ndi katundu, ndiye nkhaniyi sindiitenga ngati macheza.

Mkanganowu uli pa njira ziwiri zopondera buleki pakona. Njira yoyamba ndi imene aliyense woyamba kuyendetsa go-kart amaphunzitsidwa. Uponde buleki mwamphamvu ukadali pamalo owongoka, liwiro litsike kufika pamene ukufuna, uchotse phazi, kenako ukhote, ndipo ukangoona potulukira uwonjezere mafuta. Chilichonse chimachitika panthawi yake. Njira yachiwiri ndi imene inamusangalatsa mnyamata uja. Umachedwerako kuponda, ndipo poyamba kukhota phazi limakhala likadali pabuleki, koma likumasula pang'onopang'ono mpaka pakatikati pa kona pamene limachokeratu.

Kuti timvetse kusiyana kwake, tiganize za teyala ngati ndalama ya m'thumba. Mphamvu imene teyala limagwirira msewu ndi imodzi yomweyo, ndipo buleki ndi kukhota zimagawana. Mukagulira ufa ndalama yonse, ya ndiwo palibe. Wa njira yoyamba amawonongera yonse pabuleki, kenako yonse pokhota. Wa njira yachiwiri amagawa: kukhota kukamakula, buleki izichepa. Akaphonya pogawapo, teyala limatsetsereka.

Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri a go-kart amaika moyo pa njira yovutayi? Yankho lili pa kapangidwe ka kagalimotoko. Tambiri tili ndi buleki kumbuyo kokha, yoponda ndi mwendo wamanzere, wamanja uli pamafuta. Mateyala awiri akumbuyo amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi, choncho amazungulira mofanana nthawi zonse, pamene pakona teyala lakunja limayenera kuyenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Ndiye kagalimotoko kamakakamira kupita kutsogolo pokhapokha teyala lakumbuyo lam'kati litapepuka n'kunyamukako pang'ono. Buleki imakankhira kulemera kutsogolo, kumbuyo kumapepuka, mphuno imaluma phula, kagalimotoko n'kutembenuka msanga. Pakona yothina kwambiri njirayi imapindulitsa ndithu. Pakona yotakasuka yothamanga phindu lake ndi lochepa, ndipo woponda mopyola muyeso mateyala akumbuyo amamangika, amazungulira n'kuyang'ana kumene wachokera. Mnyamata uja sananame, kungoti anaona theka.

Theka linalo ndi ili. Wa go-kart akalakwitsa amazungulira pamateyala anayi, n'kukathera pa mulu wa mateyala akale amene amatchingira m'mbali. Onse akupita mbali imodzi, msewu ndi wosesedwa, ndipo kona yomweyo waidutsa kambiri tsiku lomwelo. Ife tili pamateyala awiri. Kona ya paphiri paja sukuona potulukira, kungakhale thiraki yofera panjira ataika masamba ochenjeza, kapena minibasi yodya mbali yako. Kumunsi kuno, ku Nchalo mpaka ku Ngabu, ndi ng'ombe ndi mbuzi, mapesi a nzimbe ogwa, ndi mchenga umene madzi osefukira amasiya paphula. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 palibe wa kuno amene sadziwa kuti msewu umasintha usiku umodzi. Amene wafika pakona atawononga kale mphamvu yonse ya teyala alibe chotsala chopulumukira mbuzi ikadumpha.

Palinso masamu amene sanyengerera. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Kuchedwetsa buleki ndi sekondi imodzi kuti uoneke katswiri ndi kutaya mamita 17 amene sabwereranso.

Koma ndisaname kuti njira yachiwiri ilibe chotiphunzitsa, chifukwa chimene ndinatolapo chandithandiza kuposa china chilichonse: kamasulidwe. Kale ndinkafinya buleki yakutsogolo, ndikafika pakona n'kuisiya kamodzin'kamodzi. Mashokapu akutsogolo, amene anali atakanikizika, amadumphira m'mwamba, teyala lakutsogolo n'kupepuka nthawi yomweyo imene ndikufuna ligwire. Njinga inkatuluka kunja kwa mzere ine osadziwa chifukwa. Lero buleki yaikulu ndimamaliza njinga ili chiimire, koma zala ziwiri zimatsalira pachogwirira, zikumasuka mofatsa ngati munthu wotsitsa ndowa yodzaza kuchokera pamutu. Mphuno imakhala pansi, njinga imakhota mosakakamiza. Uku ndi kubwereka kachidutswa ka njira ya akatswiri popanda kubwereka kuchedwa kwawo.

Pali njira yachitatu imene palibe amaiphunzitsa koma ndi imene yadzaza pamasiteji athu: kuponda yakumbuyo yokha. Ambiri amaopa yakutsogolo, amati imagwetsa, ena mpaka waya wake anaduka kalekale osaukonza. Apa m'pamene kutengera go-kart kumapha, chifukwa iyo ili ndi buleki yakumbuyo yokha mwa kapangidwe kake, pamene panjinga yamoto mphamvu yaikulu yoimitsa paphula louma ili kutsogolo, kumene kulemera kumathamangira. Yakumbuyo ili ndi ntchito yake. Mukanyamula munthu kapena thumba la chimanga, teyala lakumbuyo limalemera ndipo limagwira bwinoko. Pamisewu yafumbi ya ku East Bank, pamchenga, yakutsogolo imafunika dzanja lofewa kwambiri ndipo yakumbuyo ndiyo imatsogola. Koma paphula, yokhayokha, sikwanira. Ndinaziona ndekha chaka china nditanyamula matumba awiri a mpunga. Ndinalowa pakona mothamanga, ndinaponda yakumbuyo mwamantha, teyala linalira n'kumangika, kumbuyo kwa njinga kunandipitirira. Ndinakhwekhwereka ndi ntchafu pamiyala, thumba limodzi linang'ambika, ndipo amayi ena ogulitsa makala anandithandiza kuwola mpunga ndi manja, wosakanikira ndi mchenga. Chipsera chake ndikadali nacho.

Paphiri penipeni mkangano wa njira ziwirizi umachepa mphamvu, chifukwa mdani wamkulu ndi kutentha. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, Chikwawa ili pafupifupi mamita 100. Kutsika konseko, ngati mwatsamira buleki, kumasanduka moto m'kati mwa teyala. Njinga zathu zambiri zili ndi buleki ya dramu, yotsekeredwa m'kati mwa gudumu, imene ikatentha imafooka: mumaponda, phazi likupita pansi, njinga osamva. Mu Okotobala, kuno kukamatentha kupitirira madigiri 40, zimafika msanga. Anzathu amene amazimitsa injini kapena kuika panyutulo kuti asunge mafuta ndimawadandaulira kwambiri. Mafuta amene mwasungawo sakwana n'komwe botolo la Fanta, koma mwataya buleki yachitatu imene sitentha, ndiyo injini. Tsikani ndi giya yotsika, yachiwiri kapena yachitatu, injini izigwira njinga, mabuleki muziwagwira mwamphamvu kwa kanthawi kona isanafike kenako muziwapumitsa. Mukamva fungo lopserera, imani pambali zizizire, kasitomala adandaule ngati akufuna.

Kunena za kuthamanga kumene, popeza ndi kumene mnyamata uja amafuna: ngakhale pa go-kart, amene amapambana si wolowa pakona mwaukali koma wotuluka ali ndi liwiro, chifukwa liwiro lotulukira limamuperekeza msewu wonse wowongoka. Wolowa mopyola amakhala akulimbana ndi chiwongolero pamene mnzake wayamba kale kuthira mafuta.

Sabata yatha ndinamutenga mnyamatayo m'mawa kwambiri kupita pamalo owongoka opanda magalimoto, kuseri kwa mlatho wa Kamuzu. Tinaika mwala pambali pa msewu ngati chizindikiro. Ndinamuuza aime ndi yakumbuyo yokha, tinalemba mzere pamene waimira. Kenako ndi zonse ziwiri, kufinya pang'onopang'ono mpaka mwamphamvu. Anatsika panjinga n'kuyenda wapansi pakati pa mizere iwiriyo akuwerenga mapazi, ndipo madzulo ake ndinamupeza kwa makaniko akugula waya wa buleki yakutsogolo.