Zipsepse zina, mabokosi owonjezera kapena bolodi ina: muyambe kusintha chiti?

Ambiri a ife okhala ku Johannesburg nyanja yamchere timaiona pa tchuthi basi. Durban ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 mumsewu wa N3, choncho bolodi yoseweretsa pa mafunde imene mwagula yogwirapo kale ntchito pa Facebook Marketplace mumakaidziwa khalidwe lake mutafika kale kumadzi. Ikakuvutani pali njira zitatu: kusintha zipsepse (ma fin a kunsi kwa mchira wa bolodi), kuboola mabokosi ena olowetsamo zipsepsezo kuti zikhale zinayi, kapena kuigulitsa n'kupeza ina. Njirazi sizichiza matenda amodzi.

Onani kaye chimene chikukuvutani. Ngati mukupalasa mpaka manja kutopa koma funde n'kumakusiyani, bolodiyo yakucheperani, ndipo zipsepse sizingakupulumutseni. Koma ngati funde mukulikwera bwinobwino, kungoti mchira ukuterereka pokhota kapena bolodi ikuuma khosi osafuna kukhota, nkhani yake ndi ya zipsepse.

Kusintha zipsepse ndiye kotsika mtengo, ndipo mukapanda kukhutira mumangobwezera zakale. Tembenuzani bolodi muone mabokosi ake musanagule chilichonse, chifukwa alipo a mitundu yosiyana monga FCS yakale, FCS II ndi Futures. Chipsepse cha FCS yakale chili ndi timiyendo tiwiri, aliyense womangidwa ndi screw. Cha FCS II chimangokanikizidwa n'kulowa popanda kiyi. Cha Futures chili ndi tsinde limodzi lalitali ndi screw imodzi kutsogolo. Futures ndi FCS sizilowana. Zipsepse za FCS yakale zimalowa m'bokosi la FCS II mukazimanga ndi ma screw, koma za FCS II sizilowa m'mabowo akale.

Kukula kwake kumatsata kulemera kwanu. Pa FCS, S ndi ya makilogalamu 55 mpaka 70, M ndi ya 65 mpaka 80, L ndi ya 75 mpaka 90. Mukaona manambalawa akulowana. Munthu wa makilogalamu 78 amene mchira ukumuterereka atenge L, pomwe wina wolemera chimodzimodzi amene bolodi ikumuumira atsikire ku M. Kapangidwe nakonso kali ndi mbali yake: chipsepse chopendekera kwambiri kumbuyo chimagwira madzi ndipo chimakhota motalika, choima chilili chimatembenuka msanga pamalo pochepa. Njira ina yabwino ndi kusiya ziwiri za m'mbali momwe zilili n'kuchepetsa chapakati chokha, mchira umamasuka koma liwiro silitayika. A longboard, bolodi yaitali, ndiye ali ndi mwayi, chifukwa chipsepse chawo chimayenda m'bokosi: kuchisunthira kutsogolo bolodi imakhota mosavuta, kumbuyo imakhazikika. Sunthani sentimita imodzi pa nthawi, mulowe m'madzi, kenako muone.

Chimene chimawononga apa ndi kumanga screw ndi mphamvu zonse. Ikangokhudza chipsepse n'kulimba pang'ono, basi yakwana. Mukapitirira, mizere ya m'bokosi la pulasitiki imadyeka. Mukachoka kunyanja tsukaninso ndi madzi a pampopi, apo ayi mchere ndi mchenga zidzaiumitsa miyezi yonse imene bolodi ikhale m'galaja.

Kuboola mabokosi awiri owonjezera ndi nkhani ina, chifukwa mukaboola simungabwerere. Zipsepse zitatu, thruster imene Simon Anderson wa ku Australia anaitulukira mu 1980, zimapereka pokhotera podziwika chifukwa cha chapakati chija. Zinayi, quad, zilibe chapakati chokoka madzi (bokosi lapakati limangokhala lopanda kanthu), ndiye bolodi imathamanga pa mafunde ofooka komanso imagwira bwino pa funde loima chilili. Kuipa kwake n'kwakuti wosazolowera amaiona ngati ikuthawa yokha potsika funde. Ife timati ntchitoyi ndi yoyenera pa bolodi ya mchira waukulu ndi wokhuthala. Pa mchira wosongoka malo ndi ochepa, mkati ndi mopyapyala, ndipo router, makina ogobera dzenje la bokosi, ikhoza kutulukira pamwamba.

Ntchito yake imafuna router ndi jig (chikombole chotsogolera router) ya bokosi lenilenilo, osati tchizulo. Miyeso yonse iyambire pa stringer, kathabwa kapakati kaja, mbali zonse ziwiri mofanana. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu pa kupendekera kwa mabokosi kumachititsa bolodi kukokera mbali imodzi. Mabokosi a Futures ndi FCS II anapangidwa kuti aikidwe nsalu ya fibreglass isanakutidwe, choncho mukawaika pa bolodi yomalizidwa kale muyenera kupala pozungulira ndi sandipepa, kumata bokosi, n'kukutira pamwamba ndi zigamba ziwiri za nsalu ya 4 oz (muyeso wa kulemera kwa nsaluyo), chachiwiri chokulirapo. Mukadumpha zigambazo bokosi lidzazuka tsiku limene chipsepse chidzagunde mchenga.

Pa rezini, chomatira bokosi ndi nsalu, ndi pamene anthu ambiri amalirira. Dziwani kaye zimene zili mkati mwa bolodi, kaya ndi thovu louma la PU kapena la EPS. PU ndi yosalala ngati ufa wotsendereza. EPS imaoneka timibulu toyera ngati zija zotetezera TV m'katoni. Rezini ya polyester imasungunula EPS mukuyang'ana, pomwe epoxy imagwira pa zonse ziwiri, ndiye mukakayikira tengani epoxy. Polyester imafuna MEKP, mankhwala oiumitsa, mamililita 1 mpaka 2 pa mamililita 100 alionse. Epoxy yambiri ya mabolodi imasakanizidwa magawo awiri kwa gawo limodzi la hardener, mankhwala ake oumitsa, koma werengani pa chitini ndipo musawonjezere hardener poganiza kuti iuma msanga, imangokhala yomata osauma. Epoxy yochuluka m'dzenje limodzi imatentha yokha mpaka kupsereza EPS, choncho sakanizani yochepa pa nthawi ndi hardener yochedwa. Magulovesi ndi chotchinga kumphuno ndi zofunika, makamaka popala.

Nyengo ya kuno ili ndi zake. M'mawa wa June ndi July kumazizira moti rezini siuma bwino, dikirani dzuwa likwere kutentha kupitirire madigiri 15. Pa EPS matani masana kutentha kukayamba kutsika, chifukwa mukamata kukutenthera, mpweya wa mkati umatuluka n'kusiya timabowo mu rezini momwe madzi adzalowere. Musaiwalenso kuti Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja. Bolodi ya EPS yochokera ku Durban imafika kuno mpweya wa mkati ukukankha khungu lake, ndipo mukaisiyanso m'galimoto yotsekedwa padzuwa khungulo limatukumuka n'kulekana ndi mkati. Ngati ili ndi vent ya screw, kabowo kotulutsira mpweya, imasuleni paulendo, mudzaimange musanalowe m'madzi.

Pakati pa tail pad (kamphasa komata pamwamba pa mchira) ndi wakisi yekha, zonse zoletsa mapazi kuterereka, palibe mkangano waukulu. Pa bolodi yaifupi pad imauza phazi lakumbuyo poponda popanda kuyang'ana. Chotsani wakisi yense, pukutani pouma, matani kachitunda kake patsogolo pang'ono pa pomangira leash (chingwe cha kumwendo), ndipo mudikire maola 24 musanainyowetse. Wakisi mugule molingana ndi kumene mukupita: wa madzi ofunda ku Durban, wa madzi ozizira ku Muizenberg, ku Cape Town. Wa madzi ozizira mukapita naye ku Durban m'December amasanduka phala.

Njira yachitatu ndi imene anthu safuna kuimva, koma kwa ambiri a kuno ndiye yolondola. Malita a bolodi, muyeso wa kukula kwake umene umaiyandamitsa, simungawaonjezere. Nsalu ina pamwamba imangoilemeretsa, kudula mchira kumachotsanso malita ena. Wongoyamba kumene amafuna pafupifupi lita imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye munthu wa makilogalamu 80 ayang'ane bolodi yofewa ya mafiti 8, ya malita 70 mpaka 80. Akatswiri ambiri amakwera ya malita osafika 30 chifukwa ali m'madzi tsiku ndi tsiku. Amene mumafika kunyanja katatu pachaka mapewa amakhala ataiwala kupalasa, choncho onjezani malita 5 kapena kuposa pa amene tchati cha malita ndi kulemera kwa thupi chikukuuzani. Bolodi yokucheperani ija igulitseni isanabooledwe, chifukwa ogula akaona zigamba kumchira amatsitsa mtengo.