Diana F+ ku Kasungu: kadzuwa, kamtambo ndi nkhope za anthu

Kamera imeneyi ndakhala nayo kuyambira nthawi yokolola chaka chatha. Yadya fumbi la Okutobala, yaonanso mvula, ndiye pano ndikhoza kuikamba mtima uli m'malo. Ndi Diana F+, ya pulasitiki paliponse mpaka diso lake lomwe. Aliyense akainyamula amayamba kuseka kupepuka kwake, amati ndi chidole. Sakunama kwenikweni. Zoyamba zake zinkapangidwa ku Hong Kong m'ma 1960 ngati tinthu totchipa, ndipo a kampani ya Lomography anadzaitulutsanso mu 2007. Imalowa filimu ya 120, yomwe imapereka zithunzi 12 kapena 16 basi. Ine filimu amandipatsira alamu anga a ku Joni, kukatsukitsanso ndi komweko, choncho chithunzi chilichonse chopsa chimandiwawa.

Kunsi kwa diso kuli kachitsulo kosuntha, ndipo pambali pake anajambulapo dzuwa, dzuwa lobisala mumtambo, mtambo wokha, ndi chilembo P. Akatswiri amati aperture. Kachitsuloko kamangosintha kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Pa dzuwa kabowo ndi kakang'ono, f/22. Pa dzuwa la mumtambo ndi f/16, pa mtambo ndi f/11, ndipo kameneka ndiye kakakulu. Nambala ikamakula bowo limachepa, musadabwe nazo. Mukachoka pa dzuwa kupita pakati, kuwala kolowa kumawirikiza kawiri, mukafika pa mtambo kawirinso. Kachitseko ka mkati mukakaika pa N kamatseguka nthawi yofanana masiku onse, pafupifupi 1/60 ya sekondi. Zili ngati mpopi umene umatsegulidwa kanthawi kofanana nthawi zonse, inu chanu n'kusankha kukula kwa paipi.

Chomwe miyezi imeneyi yandionetsa n'chakuti tizithunzi ta dzuwa ndi mtambo tija tisakuchititseni kuyang'ana kumwamba. Yang'anani pamene paima munthu wanu. Masana a Okutobala kuno kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, koma agogo amene mukufuna kuwajambula akhala pansi pa mtengo wa mango, kapena pakhonde. Mukatsatira thambo n'kuika pa dzuwa, bwalo lituluka bwinobwino, nkhuku ndi mtondo zonse zioneka, koma agogo adzangotsala mano ndi duku. Khungu lathu lakuda likakhala pamthunzi limafuna kuwala kochuluka, ndiye apo ndimaika pa mtambo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Bwalo liyere mbuu, palibe kanthu, sindinabwerere bwalo.

Ndimayang'ananso chithunzithunzi cha munthu pansi. Chikakhala chakuda bii, chodulika bwino m'mphepete, ndi pa dzuwa. Chikakhala chofooka, monga zimakhalira utsi wa moto wa kutchire ukakuta phiri la Kasungu, ndi pakati. Chikasoweratu, monga m'masiku a mvula ya Januwale, ndi pa mtambo.

Koma zonsezi zimayendera filimu yomwe mwaika, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Mukawerengetsa, f/22 pa 1/60 imagwirizana ndendende ndi dzuwa la phwee pa filimu ya ISO 100 (ISO ndi nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala). Ya ISO 400 imamva kuwala kanayi kuposa pamenepo, kutanthauza masitepe awiri a kachitsulo kaja. Choncho ndi ya 400, kadzuwa kamakwanira ngakhale kunja kuli mitambo yowala, ndipo kamtambo kamasanduka ka pamthunzi wa mtengo ndi ka madzulo. Nanga masana dzuwa lili paliwombo? Bowo locheperapo kuposa f/22 palibe, kupatula P, ndiye filimu imalandira kuwala kopyola. Mwayi wake filimu ya negetivu imapirira kuwala kochuluka kusiyana ndi kochepa. Ndili ndi chithunzi cha anyamata a kabaza m'mbali mwa M1 chomwe ndinajambula choncho: malaya oyera anataya mizere yake, koma nkhope zinatuluka zonse, mpaka thukuta la pamphumi. Chimene chaperewera kuwala ndiye sichipulumuka, chimabwera chotuwa ndi timadontho ngati mchenga. Ndikakayika ndimatsegula bowo.

M'nyumba musadzivute. Ngakhale f/11 ndi bowo laling'ono, ndipo m'chigafa cha fodya, momwe masamba alendewera mpaka kutseka kuwala, N sagwira kanthu. Mmenemo ndimaika pa B, pomwe kachitseko kamakhala kotsegula mpaka mutachotsa chala. Kamera ndimaikhazika pa njerwa, n'kuwerenga pang'ono chamumtima. Masamba anatuluka okongola, ofiirira bwino. Mwini chigafa anatembenuka kuyankha mwana, ndiye mutu wake unangokhala utsi.

P uja ndi kabowo ka nsonga ya singano, pafupifupi f/150. Amafuna B, malo okhazikika, ndi sekondi imodzi kapena ziwiri padzuwa ndi filimu ya 100. Ndi zosewera, ine sizinandikoke mtima. Chongoti musamale: pagalasi loonerapo simudzaona kusintha kulikonse, kaya muli pa mtambo kaya pa P, chifukwa galasilo silidutsa m'diso la kamera. Muzisuzumira kunsi musanadine, makamaka ikachokera m'chikwama kapena m'manja mwa ana.

Bowo limasinthanso maonekedwe. Pa f/22 zinthu zapafupi ndi zapatali zimaoneka bwino, ndipo mukaphonya posankha mtunda wa chojambulidwa pa diso la kamera, pakati pa mamita 1 mpaka 2, 2 mpaka 4, kapena 4 kupita kutali, limakukhululukirani. Pa f/11 pakati pokha ndi pomwe pamagwira, m'mphepete mumafewa ndi kuderako. Kufewa kumeneko ndi komwe anthu amaigulira kamerayi, ndipo pa nkhope ya munthu wamkulu kumakhala bwino kwabasi.

Kwa amene akufuna zithunzi za ukwati kapena za chinkhoswe zoti achibale akapachike pakhoma, foni yanu ikuchitirani bwino, musayike ndalama apa. Ine ndikupitiriza nayo. Alamu ndawauza kale kuti ulendo uno atumize ya 400 yambiri, chifukwa kwathu kuno anthu masana amakhala pamthunzi, ndipo ya 100 ikhale yochepa, yojambulira phiri ndi minda mvula ikatha.