Galasi, pulasitiki, chitsulo kapena chitini: chiti chimapirira madzi akaundana?

Ambiri tikafuna kuundanitsa madzi mufiriji timasankha botolo looneka lolimba, n'kulidzaza mpaka pakamwa, n'kumanga chivundikiro zolimba. Ine ndimaona kuti vuto limayambira pomwepo, chifukwa madzi akamaundana amafuna malo, ndipo akasowa malowo amadzipezera okha.

Zinthu zambiri zikazizira zimachepa. Madzi nawo amachepa mpaka afike pa madigiri 4, pomwe amakhala othinana kwambiri. Akazizira kupitirira apo amayamba kufufuma pang'onopang'ono, ndipo pa 0 mamolekyu ake (tizigawo ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga madzi) amalumikizana m'timikombero ta mbali 6 tokhala ndi mpata pakati. Mpata umenewo ndi umene umachititsa kuti lita imodzi ya madzi isanduke ayezi wa mamililita pafupifupi 1,090, ndiponso kuti ayezi aziyandama. Kuwonjezekako n'kochepa, 9 pa 100 alionse, koma mphamvu yake njoopsa. Madzi otsekeredwa mosapuma akhoza kukankha chotengera ndi mphamvu yoposa ya mpweya wotizungulirawu ka 2,000. M'zaka za m'ma 1660, akatswiri a bungwe la sayansi la Accademia del Cimento ku Florence, m'dziko la Italy, ankadzaza madzi m'mipira yachitsulo n'kuiundanitsa, ndipo mipirayo inkang'ambika.

Tiyambe ndi galasi, poti ndi limene limavulaza anthu. Galasi silitamuka ngakhale pang'ono, likakankhidwa kuchokera mkati limangosweka. Komanso madzi saundana onse nthawi imodzi. Amayambira m'mbali ndi pamwamba, ndiye m'botolo la khosi lopapatiza ayezi amatseka pakhosipo ngati chotsekera chachiwiri. Madzi otsala pakati akamaundana sapeza kothawira, amakankha mapewa a botolo ndi pansi pake. N'chifukwa chake botolo limatha kusweka ngakhale munasiya kampata pamwamba: mpatawo ulipo, koma njira yofikirako yatsekeka. Galasi lomwe ndingalivomereze ndi la kukamwa kwakukulu, loongoka m'mbali mopanda mapewa, poti ayezi amangokwera m'mwamba. Chivundikiro chake muchimange madzi akatha kuundana. Ndipo mukalitulutsa musalithire madzi otentha pofuna kuti asungunuke msanga, galasi lozizira chonchi likhoza kung'aluka nthawi yomweyo.

Botolo lapulasitiki lofewa, ngati la madzi akumwa, limaoneka lonyozeka koma ndi limene limapambana. Limatamuka, pansi pake pamatupa mpaka kulephera kuima, komabe kawirikawiri siliphulika, ndipo likang'ambika palibe zidutswa zocheka dzanja. Pulasitiki wouma gwa ndi nkhani ina. Akazizira kwambiri amakhala wosachedwa kusweka, moti akangogwa pansi ali ndi ayezi mkati amathetheka. Thumba lapulasitiki lotseka pakamwa ndiye silivuta n'komwe. Mukaligoneka losadzaza, madzi amaundana msanga chifukwa ndi opyapyala.

Chitsulo n'chimene chimapusitsa anthu ambiri, chifukwa timachikhulupirira. Botolo lachitsulo la khoma limodzi limatupa pansi kapena kung'ambika pamene analumikizira, ndipo likatupa silibwereranso. Fulasiki ndiye imandimvetsa chisoni. Ili ndi makoma awiri, pakati pake anachotsapo mpweya kuti kutentha kusamadutse. Ayezi akapotoza khoma lamkati kapena kung'amba polumikizira, fulasikiyo siisunganso kutentha kapena kuzizira, ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino. Ndipotu kuiika mufiriji n'kungodzivutitsa, poti makoma omwewo amachedwetsa kuzizira kulowa. Ndi bwino kuundanitsa ayezi padera n'kumuponyamo.

Chitini cha chakumwa cha gasi musachiyese. Anachidzaza kufakitale n'kusiya mpata wochepa, ndipo simungachimasule kuti chipume. Kuwonjezera apo, ayezi sasunga gasi ngati mmene madzi amachitira. Madzi akamaundana amatulutsa gasi uja, ndiye chitinicho chimakankhidwa pawiri. Botolo lagalasi la chakumwa chomwecho ndiye loipitsitsa pa zonse, chifukwa likaphulika zidutswa zimamwazika firiji yonse. Ngati mwaliiwala ndipo laundana lisanasweke, musalitsegule. Likulungeni m'nsalu, liikeni m'beseni, lisungunuke palokha.

Ine ndimatenga botolo lapulasitiki lofewa, n'kuthira madzi osafika pamapewa. Pa botolo la lita imodzi ndimathira mamililita 800 okha, ngakhale masamu akuti 900 akwana, chifukwa cha vuto la pakhosi lija. Kenako ndimalipendeketsa mufirijimo kuti pamwamba pa madzi pakhale potambalala, ayezi asatseke njira yonse, ndipo chivundikiro ndimadzachimanga mawa lake.