Makina obenera ma DVD a pa USB, patatha miyezi yambiri ndikuphatikiza zimbale za kwaya

Mkulu wina wa kwaya ya mpingo woyandikana nafe kuno ku Zomba anandifunsa posachedwa ngati nawonso agule makina obenera ma DVD, ndiko kuti olembera kanema pa chimbale, ofanana ndi amene ndinagula ku Limbe chakumapeto kwa chaka cha 2023, popeza nawo ali ndi mulu wa zimbale zazifupi zimene akufuna kuziphatikiza. Ndinawalonjeza kuti ndilemba zonse mwatsatanetsatane, chifukwa yankho loti inde kapena ayi silikanawathandiza.

Kwaya yathu imajambulitsa nyimbo pang'onopang'ono malinga ndi mmene ndalama zapezekera, ndipo wojambula aliyense amatipatsa chimbale chakechake, china cha nyimbo zitatu, china cha chikondwerero cha makwaya, china cha tsiku la pepa sande. Zambiri mwa izo sizipitirira mphindi 25 kapena 30. Kunyumba kulinso zina za chinkhoswe, za ukwati ndi za kuvundukula chiliza cha agogo. Achinyamata amati ndingoika zonsezi pa fulashi, koma madeki a amayi ndi abambo achikulire a mu kwaya, ngakhalenso ya makolo anga kumudzi, alibe polowetsera fulashi, ndipo chimene eni ake amafuna ndi chimbale chimodzi choti akachiika chionetse mndandanda wa zomwe zilimo, iwo n'kusankha ndi limoti. Ichi ndi chimene ndinagulira makinawa.

Zomwe amachita bwino ndizitchula mwachidule. Ndi ang'ono ndi opepuka moti amalowa m'chikwama cha laputopu. Windows inawazindikira nditangowalumikiza, popanda kuikamo pulogalamu ina. Mphamvu amatenga ku laputopu kudzera pa chingwe cha USB, choncho magetsi akazima ntchito ili pakati batire limamalizitsa chimbalecho. Zimbale wamba za 4.7 GB amabena bwino pa liwiro la 4x, pafupifupi mphindi 15 chimbale chodzaza, ndipo zimaseweredwa pa deki iliyonse imene ndayeserapo.

Kuti vuto limene ndikufuna kufotokoza limveke, ndiyenera kuyamba ndanena mmene ntchito yophatikizayi imayendera. Mu DVD iliyonse ya kanema muli foda yotchedwa VIDEO_TS, momwe mumakhala mafayilo a VOB osunga kanema weniweniyo, a IFO ouza deki poyambira ndi pothera, ndi a BUP amene ndi makope osungira a IFO. Mayina a mafayilowa amafanana pa zimbale zonse, moti chilichonse chili ndi VTS_01_1.VOB yake, ndipo munthu akangowakopera mu foda imodzi amafufutana, kapena deki imakana chimbalecho chifukwa IFO yake sikudziwa za makanema enawo. Chimbale chiyenera kumangidwa mwatsopano. Ine ndimakopera chimbale chilichonse mu foda yakeyake pa laputopu, kenako ndimalowetsa makanemawo mu DVDStyler, pulogalamu yaulere imene imapanga menyu ndiponso imalola kanema wa MPEG-2, womwe ndi mtundu wa kanema wa pa DVD, kulowa mmene alili osamufinyanso. Zikatha ndimabena ndi ImgBurn, yaulerenso, chifukwa ikamaliza kubena imawerenga chimbale chonse n'kuchiyerekeza ndi zomwe zili pa kompyuta. Chimbale chimodzi chokha ndi chomwe chinafunika kusinthidwa, cha ukwati wa mwana wa mlongo wanga ku America, chifukwa chinali cha kajambulidwe ka ku America kotchedwa NTSC, pamene zathu zonse ndi za kajambulidwe ka kuno kotchedwa PAL, ndipo mitundu iwiriyi siyenera kusakanizidwa pa DVD imodzi.

Nkhani yaikulu ndi malo. Chimbale cholembedwa 4.7 GB kompyuta imachionetsa ngati 4.37 GB. Kanema wa mphindi 25 wojambulidwa pa mamegabiti 8 pa sekondi, womwe ndi muyeso wa malo amene sekondi iliyonse ya kanema imadya, amatenga pafupifupi 1.5 GB, kutanthauza kuti makanema atatu adzaza kale chimbale wamba. Kuti alowe asanu ndi mmodzi, omwe ndi maola awiri ndi theka, pamafunika kuwafinya mpaka pafupifupi mamegabiti 4, ndipo apa ndi pomwe kanema wa kwaya amavutika kuposa wa ulaliki. Mlaliki amaima malo amodzi, koma kwaya imavina, anthu ambiri nthawi imodzi, atavala zitenje za maluwa ang'onoang'ono, ndipo chithunzi chofinyidwa chimasweka kukhala timabokosi nthawi iliyonse akatembenuka. Mayi amene anasoketsa yunifolomu ndi ndalama zake amafuna aoneke nkhope pa wailesi ya kanema, ndipo ine ndimaona kuti akulondola. Njira yopewera izi ndi zimbale za magawo awiri osanjikizana, za DVD+R DL, zomwe zimasunga 8.5 GB ndipo zimalandira makanema asanu otere osawafinya. Pa katoni ya makinawa panalembedwa kuti amabena zimbale zoterezi, ndipo ndisanalipire ndinafunsa mwini sitolo za chimenechi, iye n'kunditsimikizira.

Mpaka lero makinawa sanandipatsepo chimbale cha magawo awiri chomwe ndingapereke kwa munthu. Zimachitika mofanana nthawi zonse. Gawo loyamba limabenedwa mosavuta, kuchokera pakati pa chimbale kupita kumphepete. Ikafika nthawi yodumphira ku gawo lachiwiri, lomwe limalembedwa kuchokera kumphepete kubwerera mkati, makinawo amachepetsa liwiro, amalira kangapo ngati akufunafuna pogwira, kenako ImgBurn imanena kuti kubena kwalephereka, ndipo chimbalecho chimakhala choti chitayidwe, popeza DVD+R DL sifufutika. Nthawi zina amapitirira mpaka kumapeto ngati zonse zili bwino, koma powerenga kuti atsimikizire amayamba kukakamira atangolowa gawo lachiwiri. Chimbale chimodzi chotere ndinachiyesa pa deki ya kunyumba, ndipo makanema awiri oyamba anayenda bwinobwino, koma pakati pa wachitatu, pamalo pomwe ndinaika podumphira, kumayambiriro kwa nyimbo, chithunzi chinaima ndipo limoti sinathenso kuchita kanthu mpaka nditazimitsa deki.

Ndinayesa zonse zimene munthu angayese osatsegula makinawo. Ndinatsitsa liwiro mpaka 2.4x. Popeza polowetsera USB 2.0 pamapereka mphamvu ya magetsi ya mamiliampu 500 okha pamene pa USB 3.0 pamapereka 900, ndinagwiritsa ntchito chingwe cha mitu iwiri chomwe chinabwera m'katoni, mutu umodzi ndikuulowetsa pa USB 3.0, laputopu ili pa magetsi, mapulogalamu ena onse atatsekedwa. Ndinasuntha malo odumphira gawo. Ndinasintha mtundu wa zimbale, pomwe msuweni wanga anandibweretsera paketi ina kuchokera ku Johannesburg, chifukwa kuno zimasowa. Palibe chinasintha. Chomwe chinathetsa kukayika ndi mnyamata wina wobena nyimbo kumsika, amene ali ndi kompyuta ya pa tebulo yokhala ndi chobenera chachikulu cha mkati. Ndinamupatsa fayilo yomweyo pa fulashi ndi chimbale cha m'paketi yomweyo, iye anabena, chinadutsa mayeso onse, ndipo lero chili kumudzi, pa deki yakale ya makolo anga, chikuseweredwa kuyambira kanema woyamba mpaka wachisanu.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Kuti leza, yomwe ndi kachipangizo kowala kolembera pa chimbale, ilembe gawo lachiwiri, kuwala kwake kuyenera kudutsa m'gawo loyamba, ndipo pamafunika mphamvu yoposerapo komanso yoyezedwa bwino. Makina aliwonse obenera amakhala ndi pulogalamu yamkati yosunga malangizo a mmene angalembere mtundu uliwonse wa chimbale, ndipo makampani odziwika amatulutsa yatsopano zimbale zatsopano zikabwera pamsika. Anga alibe koipeza. Dzina la makinawa lomwe ImgBurn imaonetsa ndi losiyana ndi lolembedwa pa katoni, ndipo mnyamata wa kumsika uja ataliona anati ndi chobenera cha m'laputopu choikidwa m'chikuto cha pulasitiki. Poona mmene amachitira, ine ndikukhulupirira kuti leza yake inali itagwira kale ntchito kwina, moti yatsala ndi mphamvu yolembera gawo limodzi lokha.

Pali masiku ena omwe mkwiyo wanga umatsika, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Makina omwewa amawerenga zimbale zakale modabwitsa. Chimbale cha kuvundukula chiliza chija chinali chitakandikakandika moti madeki onse anali atachikana, ndipo wojambula wake anasamuka kalekale, kope lina kulibe. Makinawa anachiwerenga pang'onopang'ono, akubwerezabwereza pamalo owonongeka kwa nthawi yoposa ola, mpaka kanema yense anatuluka kupatula masekondi ochepa a pakati pa pemphero. M'kanemayo muli amalume anga awiri amene anatisiya, akulankhula m'malo mwa banja. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndalama yanga yabwerera, ndipo ndikanalemba nkhaniyi sabata imeneyo ndikanawayamikira makinawa popanda kuonjezerapo kanthu. Zimbale zina za kwaya zomwe zinayamba kudumphadumpha anazipulumutsanso chimodzimodzi.

Koma ndikakhala pansi n'kuwerengetsa, maganizo amabwerera pakale. Chimbale chimodzi cha magawo awiri mtengo wake ndi wa zimbale wamba zingapo, ndipo zomwe zinaonongeka poyesa zatenga ndalama yosachepera theka la mtengo wa makinawo. Ntchito yomwe ndinkafuna kumachita ndekha kunyumba tsopano ndimalipira mnyamata wa kumsika, kuonjezera pa kumugulira chimbale. Kwa mamembala ambiri a kwaya ndabwerera ku zimbale wamba za makanema atatuatatu, kutanthauza kuti aliyense amalandira ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo thumba la kwaya limalipira zikuto ziwiri. Kwa mkulu amene anandifunsa uja, ndinganene kuti ngati makanema atatu pa chimbale akukwanirani, makina a mtundu uwu akutumikirani bwino, koma ngati cholinga chanu ndi zimbale za 8.5 GB, musatulutse ndalama wogulitsa asanabene chimodzi pamaso panu n'kuchitsimikizira mpaka kumapeto.

Za wogulitsa ndi zomwe zimandipweteka kwambiri. Pogula anandiuza pakamwa kuti pali galanti ya miyezi itatu, ngakhale pa lisiti panadindidwa mawu oti katundu wogulidwa sabwezedwa. Vutoli nditaliona ndinabwerera nthawiyo isanathe, ndipo mwini sitolo anati zimbale zanga ndi zabodza, ndikayese za mtundu wina. Mawuwo anali omveka ndipo ndinawalandira. Koma pamene paketi ya ku Johannesburg inafika n'kulepherekanso, miyezi itatu ija inali itadutsa, ndipo nditapitanso nkhani inali itasintha.

"Bambo, makinawa akubena kapena sakubena?" anandifunsa.

"Akubena zimbale wamba zokha, achimwene, koma zija munanditsimikizira zija akuzikana."

"Ndiye kuti ndi abwinobwino, bambo. Komanso galanti yanu inatha."

Ndinawakumbutsa kuti dandaulo langa linafika galanti isanathe ndipo ndi iwo amene ananditumiza kukafuna zimbale zina, koma anati sakukumbukira. Ndinawauzanso kuti bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu ngati a pa lisitiyo sawachotsera udindo pa katundu wosagwira ntchito yomwe anagulitsidwira. Apa anafewa pang'ono, n'kuyamba kudandaula za ndalama. Pa mfundo iyi sananame: ndinagula makinawa kutatsala masabata ochepa kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu amene anaoda pambuyo pake anakwera mtengo kwambiri. Ngakhale atandibwezera ndalama yanga yonse lero, singagule makina ena ofanana nawo, ndipo iwonso akandipatsa atsopano kwaulere aluza. Ndikuzimvetsa zimenezi, koma kugwa kwa kwacha sikunalembe mawu a pa katoni, ndiponso sikunandiuze kuti ndipite ndikayese zimbale zina nthawi ikutha.

Anandiuza kuti ndibweze makinawa, ndionjezere ndalama, nditenge ena a kampani yodziwika. Ndinalemba kalata yofotokoza zonse, ndinaphatikizapo kope la lisiti ndi lipoti lomwe ImgBurn imasunga la kubena kulikonse kolephereka, ndipo ndinanena kuti tikapanda kugwirizana ndikatula nkhaniyi ku bungwe lija. Patapita masiku anandiimbira foni kuti atsitsa ndalama yoonjezerayo ndi theka. Ndinayankha kuti ndivomera ngati abena chimbale cha magawo awiri m'sitolo momwemo ndi makina atsopanowo ine ndikuona, ndipo chikalephereka mtengo wa chimbalecho ukhale wawo. Iwo akuti chimbale choyesera ndibweretse ine ndipo chikaonongeka zikhale zanga, ndipo pamenepa ndi pomwe sitinagwirizanebe.